Ngalande ya Anangozo

Musandifunse chaka chimene ndinafika m'mudzi wa ngalande, chifukwa ine zaka zanga ndimazikumbukira pa ntchito. Panali chaka cha njerwa. Panali zaka za macheka, kumapiri kozizira. Panali nyengo ija ndinkakhoma zidebe m'tauni ya fumbi mpaka khutu lakumanzere linagontha. Kulikonse ndinkatolako luso n'kusiyako munthu. Ku njerwa ndinasiya mnzanga, uvuni utamugwera. Ku macheka ndinasiya mkazi amene anatopa nane, ndipo sindimuda ayi, inenso ndikanatopa. Ntchito ndikangoidziwa bwinobwino mapazi ankayamba kuyabwa, mawa lake ndamanga kathumba.

Koma pamene ndinkalowa m'mudzi umenewo, nditakhala pamwamba pa matumba a mbatata m'bwato la munthu wosayankhula, mapazi anali atasiya kuyabwa. Ankangowawa. Ndinali nditatopa, abale inu. Ndinkafuna pakhomo poti ndizidzuka m'mawa osayamba ndafunsa kuti kuno n'kuti.

Mudziwo ulibe msewu ngakhale umodzi. Uli ndi ngalande zokhazokha zokhotakhota pakati pa bango ndi gumbwa, ndipo anthu amapita kumsika, kutchalitchi ndi kumaliro pabwato. Mbuzi zimakwera bwato. Ndinaona mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni ali chiimire m'bwato, mwana kumbuyo, kwinaku akukalipira mwamuna wake amene anali m'bwato lina. Nkhungu ya kumeneko imachedwa kuchoka, moti nyumba zimaoneka ngati zikuyenda. Zina zimayendadi. Zinamangidwa pa zilumba za udzu zoyandama, ndipo mphepo ikaomba, mnansi amene dzulo anali kumanja kwako lero umamupatsa moni kumanzere.

Nyumba ya alendo inali yomalizira, pomwe mudzi umathera. Inaima pa mizati yakuda, zipinda zake zochepa, khonde lake lalitali lotsikira padooko la matabwa pomwe mabwato amakocheza. Kuseri kwake kunali bango lokhalokha, ndipo kuseri kwa bangolo, amati, kunali nyanja. Sinkaoneka. Inkangomveka, ngati munthu amene akupuma m'chipinda china.

Padookopo panakhala mayi akutsuka makapu, miyendo ili m'madzi. Anali a msinkhu wanga, imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa duku. Amenewo anali Anangozo, eni nyumba.

"Odi kuno!"

"Odini, alendo. Mwachokera kuti?"

"Kutali, mayi."

"Onse amatero. Kutali kwake kuti?"

Ndinatchula tauni ya fumbi ija. Anaika kapu pansi n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Nanga kumeneko munthu amadzera njira iti?"

Ndagona m'nyumba za alendo zambiri, zina za nsikidzi zonona kuposa alendo ake, koma palibe mwini nyumba amene anandifunsapo njira. Amafunsa kuti uchoka liti. Ndinawalongosolera, iwo akumvetsera milomo ikugwedera pang'ono, ngati akubwereza.

Anandipatsa chipinda chakumapeto. Munali mkeka, bulangete lonunkha utsi wa nsomba, ndi zenera loyang'ana m'bango. Pansi, pakati pa matabwa, madzi ankaoneka akudutsa pang'onopang'ono, nthawi zina atanyamula duwa la kakombo, nthawi zina mtambo. Ndinagona tulo timene sindinagonepo chichokere kwa amayi anga. Ndinati ndikhala masiku awiri. Kenako ndinaona kuti ndowa zawo zikudontha, ndiye ndinazikhoma. Nditatha ndowa ndinaona thabwa lovunda pakhonde. Munthu akafuna kukhala, ntchito siisowa.

Alendo ena ankabwera mwa apo ndi apo: wogula nsomba zouma, m'busa wosochera, mayi wopita kukaona mdzukulu. Ankagona, kumwa tiyi, n'kumapita. Ine ndinkatsala. M'mawa uliwonse Anangozo ankayatsa mbaula pakhonde, nkhungu itatizinga moti dziko lonse linali ife awiri ndi ketulo, n'kuyamba kundifunsa.

"Ku njerwa kuja, mkazi angapeze chochita?"

"Amatunga madzi opondera dothi. Koma msana umathyoka."

"Msana uwu unathyoka kale. Thirani shuga, alendo, simuli kwa apongozi."

M'mawa wina, nkhungu yomweyo, ketulo yomweyo: "Basi munthu amaiimika bwanji?"

"Mumangoima m'mbali mwa msewu n'kukweza dzanja."

"Chonchi?" Anakweza dzanja. Kakowa amene ankauluka motsata ngalande anatera padooko. Tinaseka mpaka tiyi anatayika.

M'mawa winanso anafunsa mosaseka: "Munthu akafika m'tauni mosadziwa aliyense, dzuwa lapendeka, amapita kwa yani?"

"Kwa amayi ogulitsa mumsika. Amakutukwana kaye, kenako amakupatsa pogona. Kwa amuna a padepoti musayerekeze."

Anagwedeza mutu n'kutembenuza mbatata pamoto. Ine, chitsiru ine, ndinkati nkhani zanga zikuwakoma. Ndinayamba kuzikometsera, kuwonjezera mapiri, kutalikitsa milatho. Ndipo ndinene mosabisa: ndinawakonda mayi amenewo. Ndinakonda mmene ankakalipira ketulo ikachedwa kuwira, mmene ankapukutira manja pachitenje asanapereke moni. Ndinkafuna kukalamba pakhonde limenelo, iwo ali pambali panga. Sindinafunepo kanthu kena motero.

Panali mkulu wina, a Makwinja, amene ntchito yawo inali kulambula ngalande za m'mudzimo. Anali owonda, miyendo yotuwa ndi matope a zaka zambiri, ndipo ankakocheza padooko lathu kudzapempha moto wa fodya ngakhale machesi ali m'thumba. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuyang'ana bango.

"Mukufuna nyanja, achimwene? Ndi iyo, mwaima pakhomo pake."

"Pakhomo pati? Ine ndikuona bango."

"Apa panali ngalande, yopita mpaka kunyanja. Mabwato a asodzi ankalowera pompano, onyowa, anjala, ena atanyamula mnzawo wodwala. Nyumba iyi anaimangira iwowo. Amuna a Anangozo ndi amene ankailambula. Atamwalira, bango linabwerera kwawo."

"Nanga inu osaitsegula bwanji? Si ntchito yanu?"

A Makwinja anaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Ndi ana anga ndi adzukulu anga? Iyayi! Kuno kuli mwambo. Amene watsegula ngalande yotsekeka, kuchokera padooko mpaka panyanja, dooko ndi lake, nyumba ndi yake. Ndipo mwini nyumba ya alendo sagona kwina. Ngakhale tsiku limodzi. Kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro a mbale wako, umapita n'kubwerera dzuwa lisanalowe, chifukwa sudziwa amene madzi akubweretsere. Sungaisiye popanda woilandira. Anangozo anabadwira m'nyumba imeneyi, anakwatiwira momwemo, sanagonepo denga lina. Imeneyi si nyumba, achimwene, ndi goli. Ndani angalifune?"

Goli limenelo ndi limene ndinkalisaka zaka zonsezo.

"Nanga eni nyumba?" ndinafunsa, ndikuyang'ana kumbali. "Munthu akatsegula ngalande, iwo amakhala bwanji?"

"Amenewo si mpando kapena mbale yoti ipite ndi nyumba. Kafunseni."

"Ndiwafunsa."

"Kafunseni lero. Ndipo ngati n'kudula, dulani msanga. Mwera ukatha madzi amatsika, matope amauma, bango limazika mizu m'nthaka yeniyeni. Chaka chino ikapanda kutseguka, basi, yapita."

Sindinawafunse. Ndagwetsapo mitengo yoti anthu anayi sangaikumbatire, koma kukhala pamaso pa mkazi n'kunena za mumtima, zimandikanika. Ndinati chikwanje chindiyankhulira. Ndinangowauza m'mawa mwake, pa tiyi, kuti ndikufuna kutsegula ngalande ija.

Anaiwala za pamoto. Mbatata inapserera.

"Mwambo wake akuuzani?"

"Andiuza."

"Wonse?"

"Wonse. Ndatopa n'kuyenda, Anangozo. Ndikufuna kukhala."

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, maso atadzaza misozi. "Mulungu anakutumani," anatero. Ine ndinamva zimene ndinkafuna kumva.

Ntchito ya ngalande ndinaiphunzira kwa a Makwinja, iwo atakhala m'bwato mouma, ine ndili m'madzi mpaka m'chifuwa.

"Osadula pamwamba, simukumweta udzu wofolera! Bango ukalidula pamwamba limaseka, mawa laphukanso. Lowetsani chikwanje pansi, pamizu."

Mizu ya bango imalukana n'kupanga chimphasa chokhuthala choyandama pamadzi. Umachicheka m'zigawo, n'kukankhira chigawo chilichonse m'mbali ndi nsungwi, n'kuchipondereza kuti chikhale khoma. Misundu imakumamatira m'miyendo, ndipo suizula, umaipaka fodya wonyowa igwe yokha. Njira ya ngalande yakale suiona ndi maso, umaimva ndi mapazi. Pomwe madzi akuzizira kwambiri ndi pomwe inkadutsa.

"Mapazi anu ngochenjera," anatero a Makwinja. "Mutu ndiye sindikudziwa. Mwawafunsa?"

"Tamvana."

"Eee? Chabwino."

Masiku a m'bango ndi ofanana moti sindidziwa ngati anali ambiri kapena linali tsiku limodzi lobwerezabwereza. Ndinkalowa nkhungu isanachoke. Bango linkanditsekera kumwamba, kuwala kukhala kobiriwira, phokoso la mudzi kuzimiririka. M'matope ndinkapeza zinthu: nkhafi yothyoka, chivundikiro cha ketulo, mkanda wa buluu. Tsiku lina ndinamva macheka akulira patsogolo panga, monga ankalirira kumapiri kuja, ndipo nditapatula bango ndinapeza achule okhaokha. Tsiku lina ndinamva fungo la uvuni wa njerwa, n'kuona mnzanga uja atakhala pachigawo cha mizu, akupukusa mutu monga ankachitira ndikaumba njerwa yokhota. Ndinamupatsa moni. Sanayankhe, koma sanaoneke wokwiya. Malo onse amene ndinawasiya ankabwera m'bangomo kudzandiona kamodzi, n'kupita. Ndinkati akunditsanzika.

Ndikacheuka, nyumba inkaoneka pafupi pomwepo, ngati sindinasunthe. Koma mzere wa madzi akuda kumbuyo kwanga unkatalika.

Anthu a m'mudzi anayamba kubwera kudzaonerera, mabwato atandandalika pakhomo pa ngalande.

"Mkamwini wa Anangozo, mwaswera bwanji!"

"Chikamwini cha kuno n'cha m'madzi, bambo, kulibe kulima!"

"Dulani, dulani, mwina akuphikirani futali!"

Ine ndinkadziwerengera mumtima, mano onse panja. Anangozo ankamva zonsezo ali pakhonde. Sankaseka, sankakana.

Dzuwa likafika pamutu ankabwera pabwato ndi chipanda cha thobwa, kudutsa m'gawo limene ndatsegula. Poyamba ankapalasa mokhotakhota, bwato likugunda makoma, chifukwa moyo wawo wonse sanapalasepo kupitirira pamsika. Kenako dzanja linawongoka.

"Dzulo ndinafika paja pali gumbwa," ankatero. "Lero ndafika pano."

"Mawa mufika patsogolo."

"Onetsani manja."

Ankandipaka mafuta a nsatsi m'matuza, pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha. Maso awo ankakhala chakuno kwanga, ndipo ndinkati akuyang'ana ine. Ankayang'ana pamwamba pa phewa langa, pomwe bango linali lisanadulidwe.

Mwera unaomba, n'kuyamba kufooka. Pa mizati ya nyumba panaoneka mzere wa ndere zouma, chizindikiro choti madzi akutsika. Amene ankandifika m'chifuwa tsopano ankandifika m'chiuno. Ndinachita mantha. Ndinayamba kulowa m'bango ndisanamwe tiyi, kutuluka kutada. Malungo anandigwira, ndinadula nawo. A Makwinja anati ndipume, ndinawayankha mwano, ndipo mpaka lero ndikawaona ndimayamba ndine kupereka fodya.

Masiku amenewo wogula nsomba wina anabweretsera Anangozo kaphukusi kuchokera kumtunda. Munali nsapato zansalu, zoyera. M'mudzi wopanda msewu, nsapato n'zachiyani? Ndinawaona akuziyesa pakhonde, akuyenda uku ndi uku mosamala ngati aponda mazira. Ndinathamangira kuseri kukaseka ndekha. Ndinati ndi za tsiku la ukwati.

Ndiye linafika tsiku. Dzuwa linali litakwera, nkhungu itachoka. Ndinacheka chigawo china ngati zina zonse, n'kuchikankha ndi nsungwi, koma m'malo mokakamira chinangoyandama n'kupita chokha. Mphepo inandiomba kumaso. Madzi a mtundu wina, otuwa, a mafunde, analowa m'ngalande yanga n'kundigunda pamimba.

Koma nyanja sinali poyera pomwepo. Pakamwa pa ngalande panali dziwe, ndipo padziwepo panachoka njira ziwiri pakati pa bango lakunja. Ndinabwerera kukatenga bwato kuti ndiziyese zonse. Ya kumanzere inali yotakata, yokongola, yodzaza kakombo, yooneka ngati ndiyo yeniyeni. Ndinaitsata. Inandizunguza, kundizunguza, mpaka ndinatulukira kuseri kwa msika wa m'mudzi momwemo, amayi a tomato akundiseka. Ya kumanja inali yopapatiza, yobisika kuseri kwa chitsa cha gumbwa. Imeneyo inanditulutsira panyanja yeniyeni, yopanda malire, ndipo kutali kutsidya kunkaoneka phiri lotuwa, kumene ndinkadziwa kuti msewu umayambira. Ndinaliyang'ana phirilo ndipo mapazi anga sananene kanthu. Ndinakondwa kwambiri.

Madzulo asanafike mudzi wonse unali padooko. A Makwinja anathira thobwa pamatabwa monga mwa mwambo. Anangozo anamasula chingwe chomangira mabwato, chakuda ndi manja a makolo awo, anagwada, n'kuchiika m'manja mwanga.

"Dooko ndi lanu, bambo. Nyumba ndi yanu. Amene madzi abweretse, muwalandire."

Amayi analuluta. Anangozo ankalira mosabisa, ine ndikuti ndi chimwemwe, ndipo chinalidi chimwemwe. Asodzi awiri analowa tsiku lomwelo kudzera m'ngalande yatsopano, akudabwa, ndipo mmodzi anagona m'chipinda chakumapeto. Ndinati mawa pa tiyi ndiyankhula. Tsopano ndinali ndi pakamwa, ndinali mwini dooko.

M'mawa mwake ndinapeza mbaula yayaka kale, ketulo ili pamoto, koma pampando pawo palibe munthu. Anali padooko. M'bwato munali kathumba komanga bwino, chipanda cha madzi ndi mkeka wopinda. Ndamangapo kathumba kotero kambirimbiri, sindikanalephera kukazindikira.

"Anangozo, mukupita kumsika?"

"Ayi, bambo."

"Nanga kuti?"

"Kutsidya. Kenako ku njerwa, kapena ku tauni yanu ya fumbi. Ndikaona konko."

Ndinakhala pansi pamatabwa onyowa.

"Mubwera liti?"

"Sindikudziwa. Mwina sindibwera."

Ndinakwiya, ndisaname. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ngakhale logontha lija linalira. "Ndiye ine ndimadulira chiyani? Misundu yonse ija, malungo aja? Anthu akundiitana mkamwini inu mukumva, osanena kanthu! Manja awa mumawapakiranji mafuta?"

"Chifukwa anali ndi matuza." Anayang'ana manja anga. "Za anthu, ndinkati akungoseka monga amasekera. Munati mwatopa n'kuyenda, mukufuna kukhala. Ndinakufunsani ngati mwambo akuuzani wonse, munati eya."

"Ndinkafuna kukhala ndi inu!"

Anatseka pakamwa ndi dzanja. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, ndipo ndinaona kuti sankadziwadi, kapena ankadziwa pang'ono n'kumaopa kudziwa zambiri.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Munandifunsa, bambo?"

Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"M'mawa uliwonse ndinkakufunsani njira. Ndinkati inu, munthu woyenda, mukumva chimene ndikufunsa. Ndinkati palibe wina angandimvetse koma inu."

"Ine ndinkati munthu amene ali ndi nyumba yotere sangafune china."

"Ndabadwira pamatabwa awa. Ndikudziwa kulira kwa thabwa lililonse. Anthu akhala akudutsa pano moyo wanga wonse, akununkha fumbi la kwina, ine ndikuwatsukira makapu. Sindinaonepo phiri pafupi. Sindinapondepo nthaka yoti ndiyende tsiku lonse osanyowa. Ndikapanda kupita tsopano madzi asanatsike, chaka chamawa mtima udzakhala utachita mantha. Ndikudzidziwa."

"Ndiye tipite limodzi."

"Nyumba muisiyira yani? Mukaitaya inu, ibwerera kwa ine."

Zinali zoona. Mmodzi wa ife anayenera kutsala, ndipo chingwe ndinachilandira ndekha, pamaso pa anthu, ndikumwetulira.

Anatsikira m'bwato mosamala, nakhala, natenga nkhafi. Kenako anakweza maso.

"Asodzi aja akuti pakamwa pa ngalande pali njira ziwiri, koma iwo anachita kutulukira m'bango, sakuzidziwa bwino. Mwaziyenda ndinu nokha. Ndilowere iti?"

Apa ndiye pamene ndinayesedwa, abale inu. Mawu amodzi okha: kumanzere. Akanapalasa pakati pa kakombo, akusangalala, dzuwa likanafika pamutu akutulukira kuseri kwa msika, ndi kathumba kawo, amayi a tomato akugwa ndi phwete. Ndinkawadziwa Anangozo, manyazi akanawapha. Akanabwerera pakhonde lino osayesanso, madzi akanatsika, ndipo m'mawa uliwonse tikanamwa tiyi awiri mpaka imvi zitatha kumera. Ndikanati ndinasokoneza, munthu wogontha khutu, wodwala malungo. Palibe akanandiimba mlandu. Mawuwo anafika palilime, ndinawamva kukoma kwake.

Iwo ankangondiyang'ana, nkhafi ili m'manja, akudikira monga ankadikirira mayankho anga onse, osakayika ngakhale pang'ono.

"Kumanja," ndinatero. "Ndi yopapatiza, yabisala kuseri kwa chitsa cha gumbwa. Ya kumanzere ikuoneka bwino koma ndi yabodza, imabwerera kumsika. Mukatuluka panyanja mulunjike phiri lotuwa, mphepo izikuombani tsaya lakumanzere. Musaime pakati."

"Kumanja. Chitsa cha gumbwa. Phiri lotuwa."

"Eya."

"Zikomo, bambo." Kenako anati, "Ketulo ija chogwirira chake chimatentha, muzigwira ndi kansalu."

Bwato linali litakhala pamatope chifukwa madzi anali atatsika. Anayesa kulisuntha ndi nkhafi, silinasunthe. Ndinatsikira m'madzi, ndinagwira kumbuyo kwake ndi manja awiri aja, n'kulikankha.

Linalowa m'ngalande mowongoka, osagunda khoma ngakhale kamodzi. Nkhungu inayamba kumeza mutu wa bwato, kenako kathumba, kenako duku lawo. Kwa kanthawi ndinkamvabe nkhafi ikulowa ndi kutuluka m'madzi. Ndinalira, ine munthu wamkulu, ndili chiimire m'matope, ndipo sindinapukute misozi chifukwa panalibe wondiona.

Ndinakhala pomwepo mpaka timafunde ta bwato lawo tinasiya kundigunda m'miyendo. Ndiye ndinakwera padooko kukatsuka makapu, chifukwa m'chipinda chakumapeto mlendo anali atayamba kutsokomola, ndipo anali asanamwe tiyi.